Kabokosi, katoni kapena chikwama cha zipi: kusunga zimbale za CD ku Lilongwe

Anthu osonkhanitsa zimbale za nyimbo sagwirizana pa nkhani ya chikuto. Ena amati CD yeniyeni ndi ya m'kabokosi kapulasitiki kolimba kaja, ndipo china chilichonse n'kuthawa mtengo kwa ogulitsa. Ena kabokosiko sakafuna n'komwe: kamathyoka timakutu, kamang'aluka, kamadya malo, bola chikuto cha katoni chooneka ngati kabuku. Palinso omwe anatopa nazo zonsezi, anataya zikuto, n'kulonga zimbale 200 m'chikwama chimodzi cha zipi chomwe chimagona pansi pa mpando wa galimoto. Aliyense ali ndi mfundo yake, koma mkanganowu umathera pa maonekedwe ndi pa kuchepa kwa malo. Funso loyenera kuyambira n'lakuti nyimbozo zimakhala pati m'chimbalemo, ndipo n'chiyani chingazifikire.

CD inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1982, itapangidwa ndi makampani a Philips ndi Sony, ndipo muyeso wake sunasinthe mpaka lero: masentimita 12 kudutsa pakati, mamilimita 1.2 kuchindikala, bowo la mamilimita 15. Pafupifupi kuchindikala konseko ndi pulasitiki woonekera wotchedwa polycarbonate. Pamwamba pa pulasitikiyo m'pomwe pali timaenje tosaoneka ndi maso tomwe tasunga nyimbo, tondondozana mu mzere umodzi wozungulira woyambira pakati kupita kunja, wotalika makilomita oposa 5. Timaenjeto takutidwa ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri, pamwamba pake pali vanishi, kenako inki ya dzina la woimba. Basi.

Ndiye kuti mbali yonyezimira, yomwe aliyense amaopa kuigwira, ndi yolimba. Nyimbo zili kuseri kwa pulasitiki wochindikala milimita yathunthu, ndipo kuwala kwa leza kumadutsa pokalika pang'ono popanda vuto. Mbali yolembedwa ndiyo yofooka. Chikhadabo, nsonga ya bolopeni kapena kamchenga kakakanda pamenepo mpaka kuchotsa aluminiyamu, gawo limenelo la nyimbo lapita, palibe makina angalibweze. Munthu amene amachotsa CD mu wailesi n'kuigoneka patebulo mbali yonyezimira itayang'ana kumwamba, poganiza kuti akuisamala, wagonekera pafumbi mbali yomwe imafa msanga. Kuti mudziwe ngati zimenezi zinachitika kale, kwezani chimbale pakati pa diso lanu ndi babu woyaka. Mukaona timadontho towala ngati nyenyezi, aluminiyamu anabooka.

Kukalika kwa mbali yonyezimira nako sikofanana. Makina owerenga CD amatha kudzaza okha pomwe paduka, bola mpatawo usapitirire mamilimita awiri ndi theka motsatira mzere wa nyimbo. Kukalika koyambira pakati kulunjika kunja kumangodumpha mzere uliwonse pang'ono zedi, makina osamva kanthu. Koma kukalika kozungulira kumatsata mzerewo mtunda wautali, ndipo m'pomwe nyimbo imayamba kudumpha kapena kubwereza liwu limodzi. Popeza CD imawerengedwa kuchokera pakati, nyimbo zomaliza zili kumphepete komwe zala zimagwira, n'chifukwa chake zimayamba kuvuta ndi izo. Mndandanda womwe umauza makina kuti nyimbo zilipo zingati uli pafupi ndi bowo. Pamenepo pakang'aluka, wailesi imangolemba kuti mulibe chimbale, chonsecho kwina konse n'kwabwinobwino.

Mukadziwa izi, muyeso wa chikuto chabwino ndi umodzi: chigwire chimbale pabowo pokha, nkhope zonse ziwiri zikhale m'malere.

Kabokosi kodedwa kaja

Kabokosi kotchedwa jewel case kanapangidwa ndi Peter Doodson wa ku Philips pa nthawi yomwe CD imayamba. Ndi mamilimita 142 m'litali, 125 m'lifupi, ndi 10 kuchindikala. Kali ndi zigawo zitatu: chivundikiro chomwe chimagwira kabuku, chapansi chomwe mumagona pepala la kumbuyo, ndi thireyi yokhala ndi mano pakati. Manowo ndiwo ntchito yonse. Chimbale chikakhala pamenepo sichikhudza pansi, sichikhudza pamwamba. Pa muyeso tanena uja, kabokosika kakuposa zikuto zina zonse zofala, kaya mumakakonda kapena ayi.

Odana nako sakunama. Pulasitiki wake ndi polystyrene, wowala ngati galasi ndiponso wosweka ngati galasi. Kakagwa pasimenti, timakutu tiwiri togwira chivundikiro timathyoka. Mano apakati nawo amagweluka, ndipo apa m'poopsa, chifukwa tizidutswa take timatsala mkati n'kumakanda chimbale chomwe tsopano chikuyendayenda. Musanagule CD ya kale pamsika wa Tsoka kapena kwa munthu wina aliyense, gwedezani kabokosi pafupi ndi khutu. Mukamva kuphokosera, tsegulani muone mano. Kabuku kakakhala kochindikala, timazenga togwira kabuku m'chivundikiro timaluma m'mbali mwake. Kasololeni mowongoka, osakapinda kuti kadumphe timazengato.

Koma ubwino womwe zikuto zina zilibe ndi uwu: chilichonse chothyoka pa kabokosika chimasinthidwa. Chivundikiro mumachotsa pokankhira khutu limodzi kunja pang'ono. Thireyi imagwidwa ndi timabatani tinayi m'mbali. Lowetsani chikhadabo pakona ya kumsana, kwezani pang'onopang'ono, ituluka. Chotsani pepala la kumbuyo, muligoneke m'kabokosi katsopano m'mbali mwake mutapindikira m'mwamba, bwezerani thireyi mpaka ilire. Mphindi imodzi, chimbale chaoneka ngati changochoka kusitolo. Timabokosi totsika mtengo kwambiri timakhala topyapyala ndipo mano ake nthawi zina amagwira mopitirira muyeso. Yesani ndi CD yosafunika musanaikemo yomwe mumaikonda.

Kachotsedwe nako kamapha zimbale zambiri. Musakoke m'mphepete mpaka chimbale kupindika. Dinikizani mano apakati ndi chala chamkombaphala, chala chachikulu ndi chapakati zigwire m'mphepete, chimbale chinyamuka chokha. Ming'alu yoyambira pabowo kawirikawiri imabwera ndi kukoka kumeneku.

Palinso kabokosi kopyapyala ka mamilimita 5. Kamagwira pabowo bwinobwino ndipo kamadya theka la malo, koma kalibe pepala la kumbuyo, ndiye pashelefu simungawerenge dzina. Kwa munthu wa zimbale 30 si nkhani. Kwa wa 300 ndi mutu waching'alang'ala.

Katoni

Chikuto cha katoni chokhala ndi thireyi yomatidwa mkati, chotchedwa digipak, chinayambira ku America m'zaka za m'ma 1980. Ochikonda amati chimabwezera chimbale ulemu womwe mbale zakale za galamafoni zinali nawo: chithunzi chimagwirika m'manja, sichiphwanyika chikagwa, ndipo wojambula amakhala ndi masamba atatu kapena anayi osewerapo. Zonsezi n'zoona. Madandaulo a okonda nyimbo ndi oimba anasinthapo kale zikuto: ku America CD zinkagulitsidwa m'makatoni aatali kuwirikiza kawiri kabokosi, ongotaya mukafika kunyumba, mpaka anawasiya mu 1993 anthu atadandaula za zinyalala.

Vuto la digipak limaoneka pakatha zaka zingapo, ndipo kuno limaoneka msanga. Makona amanyentcheka, msana umayera pomwe pamapindika, thukuta la m'manja limalowa m'pepala, ndipo nyengo ya dzinja katoni amamwa chinyezi n'kuchita chuku. Mano a thireyi akathyoka palibe chosintha, chifukwa thireyiyo n'njomata. Njira yake ndi kuveka digipak kajumbo koonekera ka muyeso wake tsiku lomwe mwaigula, ndipo ngati mano athyoka, chimbale chisamukire m'kabokosi kena, chikuto chikhale pambali pake.

Choipa kuposa apa ndi envulopu ya katoni yopanda thireyi, momwe chimbale chimalowa ndi kutuluka chokhulika. Ulendo uliwonse nkhope zonse ziwiri zimakwechesana ndi pepala, komanso ndi fumbi lililonse lomwe lalowa. Zina zimakhala ndi guluu wotsalira mkati. Musalowetse zala kukoka chimbale. Finyani pang'ono m'mbali kuti pakamwa patseguke, pendeketsani, chitsetsereke chokha.

Kuti chikuto chitha kudya chimbale si nthano. Zimbale zina zodindidwa ku fakitale ya ku Blackburn ku England pakati pa 1988 ndi 1993 zinasanduka zofiirira ngati mkuwa kuyambira kumphepete, chifukwa vanishi wake sanathe kutchinga salufa wochokera m'mapepala a timabuku. Timabokosi tonenepa ta zimbale ziwiri kapena zitatu ta m'ma 1980 tinkabwera ndi kasiponji mkati. Siponjiyo ikakalamba imafumbutuka n'kumatirira pachimbale. Mukapeza kasiponji kotere, katayeni lero lomwe.

Zimbale zambiri za kuno, makamaka za makwaya ndi zokhala ndi mavidiyo, zimabwera m'kabokosi kakuda ka DVD, kotalika masentimita 19. Osonkhanitsa ena amakanyoza chifukwa kamasokoneza mzere pashelefu, koma pulasitiki wake ndi polypropylene, wopindika osathyoka, ndipo kamagwira pabowo. Pa fumbi ndi pa ana, kamapirira kuposa jewel case. Kumbukirani chabe kuti DVD inamangidwa mosiyana: ndi magawo awiri a mamilimita 0.6 omatidwa, zithunzi zili pakati. Mbali yolembedwa siopa kukalika ngati ya CD, koma mukaipinda pochotsa, magawowo amayamba kumatuka pabowo. Dinani kaye batani la pakati pa kabokosi.

Chodindidwa ndi chobena

Apa m'pomwe malangizo ochokera kunja amatiphonya. Iwo amalankhula za zimbale zodindidwa kufakitale, pomwe mulu wa munthu wa ku Kawale kapena ku Area 25 umakhala wodzaza ndi zobena pa kompyuta, zotchedwa CD-R. Si zakuba zokha ayi. Oimba ambiri ndi makwaya amabena okha zimbale zawo zenizeni, chifukwa kudinditsa kumafuna kuitanitsa zambirimbiri nthawi imodzi. Chimbale chomwe munthu anapikisana nacho pa mwambo wokhazikitsa chimbale, n'kulipira ndalama zambiri pamaso pa mpingo wonse, kawirikawiri chimakhala CD-R. Kachizindikiro konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, kamasonyeza kuti chimbale n'chovomerezeka, sikanena kuti n'chodindidwa.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Tembenuzani chimbale. Chodindidwa chimakhala chasiliva chokhachokha, ndipo mu mphete yonyezimira yozungulira bowo muli manambala. Zambiri zopangidwa kuyambira 1994 zilinso ndi zilembo za IFPI pamenepo. Chobena chimakhala chobiriwira, chabuluu kapena chagolide pang'ono, ndipo mukachipendeketsa pa kuwala mumaona malire pomwe kubena kunalekera.

Mu CD-R mulibe timaenje. Muli utoto womwe leza inatentha madontho, ndipo utoto umenewu umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chimbale chodindidwa chosungidwa bwino chitha kukhala zaka makumi angapo. Za m'ma 1980 zambiri zikuimbabe. Chobena pa CD-R yotsika mtengo, chobenedwa mothamanga, chitha kuyamba kutsetsereka patangotha zaka zochepa chili m'kabokosi kake osagwidwa. Chisiyeni padashibodi ya minibasi masana a Okutobala, pomwe kutentha kumapitirira madigiri 60, ndiye mwachifupikitsira moyo, mwinanso kuchipinditsa.

Mdani wina wa CD-R ndi pepala lomata pamwamba. Limaoneka bwino tsiku logula. Koma pepala limafufuma ndi chinyezi n'kunyala ndi kutentha, pulasitiki ayi, ndiye limakoka chimbale mpaka kuchipinda pang'ono. Likamatidwa mopendekera chimbale chimanjenjemera pozungulira. M'wailesi za m'galimoto zomeza chimbale, kona ya pepala ikamatuka chimbale chimakodwa mkati. Ndipo musayerekeze kulimatula, chifukwa limanyamuka ndi siliva yemwe. Chimbale chotere ingochikoperani msanga. Polemba pa CD-R gwiritsani ntchito pentomaka yofewa nsonga, ndipo malo osaopsa ndi pulasitiki woonekera wozungulira bowo, pomwe palibe nyimbo. Bolopeni ndi pensulo ayi.

Chikwama cha zipi

Kunena mosapsatira, chikwamachi n'cha paulendo, osati chosungira. Ochikonda ali ndi masamu omveka: zimbale 100 m'timabokosi zimadya shelefu yoposa mita imodzi ndipo zimalemera pafupifupi makilogalamu 10, pomwe m'chikwama zimakwana m'khwapa. M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yomwe mungasamuke mwezi uliwonse, mfundoyi si yaing'ono.

Taonani komabe zomwe zimachitika mkatimo. Thumba lililonse limakhudza nkhope zonse ziwiri. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likalowa m'thumba silituluka, ndipo thumbalo limasanduka sandipepa. Zikwama zotsika mtengo zimapangidwa ndi pulasitiki wa PVC, wodziwika ndi fungo lake la chinthu chatsopano, yemwe akatenthedwa amatulutsa mafuta n'kumata pa mbali yolembedwa. Tsegulani chikwama chomwe chakhala m'galimoto zaka ziwiri: pa thumba loonekera mupeza dzina la woimba litadindika mozondoka, kutanthauza kuti inki yasamuka, ndipo nthawi zina vanishi wapita nayo limodzi. Chikwama chodzaza mopitirira chimafinya zimbale za m'mphepete, ndipo zipi imakanda zomwe zatulukira pang'ono.

Chinanso chomwe chimatayika ndi pepala. Kabuku ndi pepala la kumbuyo n'zomwe zimanena amene anaimba gitala, situdiyo yomwe anajambulira, chaka, ndi mayina a mamembala a kwaya. Pa zimbale zambiri za m'dziko muno, zimenezi sizinalembedwe kwina kulikonse, ngakhale pa intaneti. Wotaya chikuto wataya theka la chimbale.

Ngati malo akukanikadi, pali njira yapakati. Sankhani matumba a polypropylene okhala ndi kansalu kofewa mkati, omwe ali ndi malo a kabuku, muwaimike m'bokosi lotseka ngati makadi a kuchipatala. Mapepala a kumbuyo muwasunge osapinda mu envulopu imodzi. Zimbale zosowa ndi zobena zosapezekanso zisiyeni m'timabokosi tawo. Kusanjikiza zimbale pa kamtengo komwe pamabwera ma CD osalemba n'kwabwinoko kuposa kuzimwaza, chifukwa chimbale chili ndi kamphete kotukuka pafupi ndi bowo kamene kamalekanitsa nkhope, koma kuti mupeze chapansi muyenera kugwira zonse. Ndipo musamange zimbale ndi mphira, imasungunuka n'kumatirira.

Nyumba ndi shelefu

Bungwe loona za miyeso la NIST la ku America linalangiza mu 2003 kuti zimbale zisungidwe pa madigiri 4 mpaka 20, chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 20 ndi 50 pa 100 aliwonse. Nyumba ya malata yopanda siling'i ku Chinsapo kapena ku Area 36 singafike pamenepo mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimapitirira kutali. Palibe chifukwa chodandaulira ndi manambalawo. Chotheka ndi kupeza malo m'nyumbamo omwe sasinthasintha: khoma la mkati, osati lakunja lomwe limawombedwa ndi dzuwa la madzulo kapena kunyowa ndi mvula, kutali ndi windo, kutali ndi khitchini, chifukwa utsi wa mbaula ndi mafuta ophikira zimasiya nkhungu yomata pa pulasitiki, osati pamwamba pa wadiropu pafupi ndi malata, osatinso pansi.

Disipuleyi ya pabalaza, momwe zimbale zimakonda kugona pambali pa matambula a alendo, si malo oipa ngati siyang'anizana ndi windo. Choipa ndi pamwamba pa ampulifaya kapena dikoda, pomwe pamatentha tsiku lonse.

Shelefu yabwino mutha kukhomeretsa kwa akalipentala a ku Mchesi, bola mupite ndi miyeso yanu, chifukwa mukangoti shelefu akupangirani ya mabuku, yakuya ndi yotalikirana, n'kutaya theka la malo. Kabokosi kakaimirira kamatalika masentimita 12.5 ndipo kamalowa mkati masentimita 14.2. Ndiye mpata pakati pa matabwa ukhale masentimita 14, kuya kwake 16. Thabwa la masentimita 80 limanyamula timabokosi pafupifupi 75, kulemera makilogalamu 7 kapena 8. Likhale lochindikala masentimita 2 kuti lisawerame. Mzere umodzi wapansi muusiyire masentimita 21 wa timabokosi ta DVD. Miyendo ikweze shelefu masentimita 15 kuchoka pansi, chifukwa cha madzi okolopera, mvula yolowa pakhomo ndi chiswe, ndipo kumbuyo kusiyane ndi khoma mpata wolowa dzanja kuti mpweya uzidutsa komanso muziona ngati chiswe chayamba kumanga njira. Matabwa akhale ouma. Vanishi aume mpaka fungo litheretu musanaikemo kanthu.

Zimbale ziimirire ngati mabuku, zosapanikizana, zosatsamira mopendekera. Mulu wogonekedwa umaswa timabokosi tapansi.

Zitseko zagalasi zimathetsa fumbi koma zimatsekera chinyezi mkati. M'dzinja muzizitsegula tsiku lomwe kwacha bwino. Timapaketi toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato timathandiza m'bokosi lotseka bwino lokha, ndipo timakhuta. Mikanda yake imauma mukaiika mu uvuni wa madigiri 120 kwa maola awiri. M'kabati yomwe imatsegulidwa tsiku lililonse n'kungotaya nthawi. Mphemvu zimakonda guluu wa digipak ndipo zimaikira mazira kuseri kwa thireyi, koma musapopere mankhwala pa timabokosi, chifukwa amachititsa khungu polystyrene mpaka kalekale. Tulutsani zimbale, poperani, dikirani kuume, bwezerani.

Kasanjidwe ndi nkhani ya mtima wa munthu. Ena amatsata zilembo, ena amapatula za uzimu, za Balaka, za rumba, za kunja. Chofunika n'choti zobena zikhale pamodzi, kapena ziikidwe kadontho pamsana, chifukwa ndizo zofuna kuyenderedwa. Kope lolemba amene wabwereka lisasowe, ngakhale wobwerekayo akhale alamu anu.

Kutsuka

Yambani ndi kuuzira fumbi lichoke, chifukwa kupukuta chimbale chafumbi ndiko kukanda. Ngati pali zala chabe, pukutani ndi kansalu kopukutira magalasi a m'maso, kuchokera pakati kulunjika kunja, mzere ndi mzere ngati masipoko a njinga. Osazungulira, pa chifukwa tanena chija. Ngati pali mafuta kapena zomata, tsirani madzi ofunda pang'ono, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, pakani ndi nsonga ya chala mopepuka, tsukuluzani bwino. Madzi a pamjigo amasiya madontho oyera, ndiye otsukuluzira omaliza akhale a m'botolo. Gwedezani, pukutani, chiimikeni pamthunzi chiumiretu musanachibwezere. Chimbale cha pepala lomata kapena chosindikizidwa ndi pulinta ya inki musachinyowetse mbali yolembedwa. Mafuta okanika amachoka ndi isopropyl alcohol. Petulo, thina ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimadya pulasitiki.

Za mankhwala otsukira mano anthu amakangana. Zoona zake n'zakuti ali ndi timchenga tosalala tomwe timatha kusalaza m'mbali mwa pokalika posazama, moti nthawi zina chimbale chodumpha chimawerengeka. Koma amasiya tizikande tambirimbiri, ndipo pa mbali yolembedwa sathandiza chilichonse. Ndi mankhwala a chimbale chomwe mwachitaya kale mtima, kuti chiwerengeke kamodzi mukope nyimbo.

Kukopa

Palibe chikuto chingaletse utoto wa CD-R kukalamba, ndiye mulu uliwonse umafuna kope pa kompyuta. Kukopera nokha chimbale chomwe munagula n'kosiyana ndi kubenera anthu. Chachiwiricho ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso. Makompyuta ambiri atsopano alibe polowetsa CD, koma kadiraivi kolumikiza pa USB kamagwira ntchitoyi, ndipo popeza tikusowa pang'onopang'ono, ndi bwino kukhala nako kakadalipo.

Musakopere mu MP3. MP3 ya mlingo wa 128 kbps imadya pafupifupi megabayiti imodzi pa mphindi chifukwa imataya mbali ya mawu, pomwe CD imasunga pafupifupi mamegabayiti 10 pa mphindi. Koperani mu FLAC, yomwe imapanikiza popanda kutaya kanthu. Chimbale cha ola limodzi chimakhala mamegabayiti 300 mpaka 400, ndiye diski ya terabayiti imodzi imasunga zimbale zoposa 2,000. Za pafoni mutha kupanga MP3 kuchokera ku FLAC nthawi ina iliyonse, koma kubwerera sikutheka. Chimbale chokhala ndi nyimbo 100 kapena kuposa, ngati zogula kwa obena mumsewu wa Malangalanga, ndi cha MP3 kale, chifukwa CD wamba sipitirira mphindi 80. Chimenecho mungokoka mafayilo momwe alili.

Pulogalamu yaulere ya Exact Audio Copy pa Windows imawerenga malo okayikitsa mobwerezabwereza n'kukuuzani pomwe yalephera. Imathanso kuyerekeza kope lanu ndi la anthu ena pa intaneti, koma zimbale za kuno zambiri simuzipeza kumeneko, ndiye sankhani njira yoti iwerenge nyimbo iliyonse kawiri n'kuona ngati manambala otsimikizira afanana. Akasiyana, tsukani chimbale, chepetsani liwiro, kapena yesani diraivi ina, chifukwa madiraivi sawerenga mofanana ndipo chomwe chakanika pa ina chimatheka pa inzake. Mayina a nyimbo mudzalemba nokha. Kabuku ndi pepala la kumbuyo muzijambule pa sikana mutaitchera pa mlingo wa 300 dpi kapena kuposa, muziike mufoda yomweyo. Magetsi akazima pakati pa ntchito, nyimbo yomwe inali mkati muiyambirenso.

Makope akhale awiri, pa madiski awiri, imodzi ikagone kunyumba ina. Fulashi si nkhokwe. Imasowa, imagwidwa mavairasi, imafa osatsanzika. Ndipo musayambire pa zimbale zomwe mumazikonda kwambiri. Yambirani pa zobena za pepala lomata, kenako zobena zina zonse kuyambira zakale, zodindidwa zibwere pomaliza. Chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu Meyi, tulutsani zobena khumi zilizonse, muziunike pa babu, n'kuimba nyimbo yomaliza ya chilichonse mpaka ithe.